Vaneti Yotsimphina ya a Mphande

Nchito ya umakaniko ndinaipeza chifukwa cha ngolo ya ng'ombe. Nthawi imeneyo ndinali nditakwatila kale, ndikukhala chikamwini kwao kwa mkazi wanga Esinati ku Mwase Lundazi, tikulima nshawa ndi fodya pang'ono. Ngolo ya apongozi anga inathyoka ekiselo, chitsulo chogwila mawilo chija, itasenza fodya, ndipo poti wotumidwa pamudzi ndi mkamwini, anandiuza kuti ndipite nacho chitsulocho ku boma akachiwotchelele. Ndinachimangilila pa njinga n'kumakankha njila yonse, chifukwa kupalasa sikunatheke.

Anthu anandilozela galaji ya a Mtonga, kuseli kwa msika wa Lundazi. Inali shedi ya malata akale, mbali imodzi yothilidwa simenti, kwinako dothi lakuda ndi oilo. Ndinawapeza ali okha, akulimbana ndi giyabokosi ya thilakitala uku akuitukwana m'Chitumbuka. Wowathandiza anali atangowathawa kupita ku migodi. Sanandifunse dzina. Anangoti, "Gwila apa," ine n'kugwila. Pamene ankamasula manati n'kumandiponyela, ndinkawandandalika pa thabwa motsatana ndi m'mene amachokela, poopa kuti angasowe m'fumbi. Pomanga anaona kuti nati iliyonse imene akuifuna ikufika m'dzanja mwao asanaitane. Atatha kuwotchelela ekiselo ija anandifunsa ngati fodya amandikonda. Ndinati ayi. Anati ndibwele Lolemba, nditavala zovala zimene ndinazitaya kale mumtima.

A Mtonga anali munthu wamfupi, wa khosi ngati la ng'ombe ya pagoli, ndipo sanali wofatsa. Kuphunzitsa kwao kunali kwa manja. Ukawapatsa sipanala yaing'ono atapempha yaikulu, inkabwelela ikuuluka, ndipo kuizinda inali nchito yako. Tsiku lina anandipeza nditalowa pansi pa motoka imene ndinaikweza ndi jeke yokha, popanda kuika chitsa. Anandikoka mwendo, kunditulutsa, n'kundiwomba khofi limene linanditseka khutu mpaka madzulo. Kenaka anakankha motoka ija ndi phewa. Jeke inapendama, motoka n'kugwela pamalo pomwe panali chifuwa changa. Iwo anangobwelela ku zimene amachita. Ndinawada sabata yathunthu, koma sindinachoke.

Zinali zaka zomaliza za chipani chimodzi. M'masitolo munalibe sopo, munalibe mafuta ophikila, ndipo za masipeya a motoka munthu sankafunsa n'komwe. Bawuti ikathyoka tinkakafukula ina pa mulu wa zitsulo zakufa umene unali kuseli kwa shedi. Pa geti la msika pankaima anyamata a chipani ofunsa makhadi. Ndinaona ndi maso anga akugwetsa mayi wina wogulitsa tomato, kumupondela dengu, n'kumupaka matope kumaso chifukwa khadi anaiwala kumudzi. Mtsogoleli wao anali Jele, mnyamata wamtali amene ankayenda ndi fanibeluti yakale, lamba wa injini uja, m'thumba la kumbuyo. Fanibeluti imeneyo anaitola pa mulu wathu womwewo, ndipo sankaigwilitsa nchito pa injini.

Nchito imene a Mtonga ankadziwika nayo kwambili inali yowongola kutsogolo kwa mavaneti aja okoka mawilo onse anayi. Misewu ya kwathu, makamaka yolowela cha ku Lukusuzi, imatopetsa motoka mbali imodzi, n'kuyamba kuyenda chopendama, kukokela chiwongolelo kumbali ndi kudya tayala m'mphepete. Ambili mwa mavaneti amenewo kutsogolo analibe masipuling'i osanjikiza aja. Anali ndi chitsulo chachitali, chonenepa ngati mpini wa khasu, chogona motsata chasisi, chimango cha pansi pa motoka chija, china kumanja china kumanzele. Timachitcha toshoni. Kutsogolo chimaluma mkono wogwila wilo, kumbuyo chimaluma kamkono kakafupi kamene kamagwidwa ndi bawuti imodzi yaitali. Kulemela konse kwa injini kumapotokola chitsulocho, ndipo chochiletsa kubwelela ndi bawuti ija basi. Ukamanga nati yake, motoka imadzuka mbali imeneyo. Ukamasula, imagwada.

Kumva choncho zimaoneka zophweka, koma a Mtonga anali ndi ndondomeko yao ndipo sankalumpha kanthu. Tinkatsitsa katundu yense, kuimika motoka pa simenti paja chifukwa ndi pokhapo panali posalala, n'kupopa matayala kuti mphepo ifanane. Tinkaigwedeza kutsogolo kangapo kuti ikhazikike, kenaka n'kuyeza ndi tepi kuchokela pakati pa wilo kufika m'mphepete mwa madigadi, lata lophimba wilo lija, uku ndi uku. Tikadziwa mbali yogwa, tinkaikweza ndi jeke mpaka wilo lilendewele, kuika chitsa cha mtengo wa tsanya pansi pa chasisi, kuti toshoni ipume. Bawuti ija tinkaipala ndi bulashi yawaya, kuithila palafini wosakaniza ndi oilo, n'kuisiya imwe. Ikamwa, mpamene tinkamasula nati yotsekela n'kumanga inzake pang'onopang'ono. Kenaka kutsitsa, kuikankha patsogolo ndi pambuyo, kugwedeza, kuyezanso. Ngati sizinafanane, kukwezanso. Mwini motoka akatopa ndi kukweza ndi kutsitsako, a Mtonga ankamuuza kuti apite akamwe tiyi kumsika.

Ndinali nditagwila nchito mvula imodzi ndi chilimwe pamene a Mphande anabweletsa vaneti yao. A Mphande anali cheyamani wa chipani m'dela lathu, munthu wa thupi lalikulu, wokonda suti ya manja aafupi. Vaneti yao inali yoyela, yakale, ndipo kutsogolo anawotcheleletsako zitsulo zolemela zotchinga nyama. Anthu ankanong'ona kuti imapita kuthengo yopanda kanthu n'kubwelako itafundidwa tenti, koma izo ine sindinazione. Chimene aliyense ankaona n'chakuti inagwa kumanja, mbali ya woyendetsa, moti ikamadutsa pamsika inkaoneka ngati munthu wolasidwa munga kuphazi. Azimayi ogulitsa anaipatsa dzina lakuti Kutsimphina, ndipo dzinalo linawafika eni ake.

Linali Lachisanu m'mawa, nyengo yotentha ija mvula isanagwe. Mawa lake kunkabwela mlendo wamkulu wochokela ku Chipata, ndipo vaneti ya a Mphande ndi imene inkayenela kutsogolela mdipiti itanyamula mbendela. Anafika ndi Jele ndi anyamata ena odzaza kumbuyo. A Mtonga anawalonjela mwaulemu, n'kuuza anyamatawo atsike. Tinapopa matayala, tinagwedeza, ine n'kuyeza. Kumanja kunali kotsika kupitilila mainchi awili.

A Mtonga analowa pansi, n'kukhalako nthawi yaitali kuposa masiku onse. Kenaka anandiitana kuti ndidzaone. Winawake anali atamangapo kale nati ija mpaka kutsala pang'ono kumaliza mizele ya bawuti. Bawutiyo inali yofiila ndi dzimbili, yopindika pang'ono, ndipo pakhosi pake inali itadyeka n'kutsala yopyapyala. Anaikanda ndi sikuludilaiva, dzimbili n'kumagwa ngati makungwa.

Atatuluka anafotokozela a Mphande bwinobwino. Anati kumanga nati sikungathandizenso. Pafunika kukweza motoka, kumasula zonse, kuzula toshoni, kuisuntha dzino limodzi la mano a kumapeto kwake pa kamkono kaja, ndi kufunafuna bawuti ina pa mulu. Analonjeza kuti m'mawa tambala akamalila vaneti idzakhala itaima bwino. A Mphande anati sizingatheke, chifukwa masana omwewo inkafunika kukatenga azimayi oimba kumidzi. Anati anaonapo makaniko wina ku Chipata akungomanga nati motoka ili chiimile, osatha ndi ndudu imodzi yomwe.

"Ingomangani nati, a Mtonga. Zokweza ndi kutsitsa zanuzo muzichitila aphunzitsi."

"Yayi, adada. Bawuti imeneyi ikathyoka itasenza, ipha munthu."

A Mphande anayamba kulankhula mokweza kuti anthu a kumsika amve. Anati a Mtonga saoneka pamisonkhano, anati motoka za amalonda amazikonza mothamanga koma ya chipani akuikokela dala, anati alipo anthu m'boma muno ofuna kuchititsa chipani manyazi pamaso pa mlendo ndipo maina ao akudziwika. A Mtonga ankapukuta manja ndi chiguduli, akumvetsela. Akanakhala chete mwina zikanathela pamenepo. Koma sanali munthu wotha kumeza mawu.

"Pansi pa motoka palibe chipani, adada. Pali bawuti yowola."

Jele sanadikile kuuzidwa. Fanibeluti inalila m'mwamba n'kutela pankhope pa a Mtonga, kuchokela pa khutu mpaka pa mlomo. Khungu linang'ambika pomwepo. A Mtonga anayang'ana magazi pa chiguduli chija, anachiika pansi, n'kumuwomba Jele chibakela chimodzi pa mphuno. Mnyamata wamtali uja anakhala pansi m'oilo ngati thumba la chimanga. Anyamata onse aja anawalumphila a Mtonga.

Anawagwetsela pa simenti. Ena ankaponda ndi nsapato, wina anatola unyolo wa njinga. Jele atadzuka, magazi akuchucha pa malaya, anathamangila jeke yathu ya botolo, kusolola mpini wake wachitsulo, n'kuimenya theche jekeyo mpaka inagubuduzika, kachivindikilo kake n'kuthothoka, mafuta onse n'kutayikila m'dothi. Ndi mpini umenewo anayamba kuwamenya a Mtonga m'nthiti. Ine ndinali chiimile ndi tepi m'manja. Nditasendela kuti ndiwaleletse, wina anandiwomba chigongono pakamwa, ndinamva dzino likugwedela. Anthu a kumsika anadzaza kumpanda, koma palibe analowa. A Mphande anali atatsamila chitseko cha vaneti, akuyang'ana wotchi yao.

Poyamba a Mtonga ankatukwana, akugwila miyendo ya owamenyawo. Kenaka kutukwana kunatha. Mpini uja ukatela, ankangotulutsa kamawu ngati ka mbuzi yomangidwa pakhosi, ndipo pakamwa panayamba kutuluka thovu lofiila. Ndinaona kuti Jele saleka, manyazi ogwetsedwa pamaso pa msika anali atamupenga. Mpamene ndinapita kukagwada pamaso pa a Mphande, n'kunena kuti nati ndimanga ine, awaleke. Anakweza dzanja, anyamata aja n'kubwelela m'mbuyo akupuma mwawefuwefu.

Ndinapempha kuti tikabweleke jeke ina. Anakana. Ndinapempha kuti ndithile palafini tidikile pang'ono. Anandilola kuthila, kudikila ayi. Ndinalowa pansi chagada, motoka itaima ndi mawilo ake onse, kulemela konse kuli pa bawuti ija. Nati yotsekela inamasuka movutikila. Kuti bawuti isazungulile pamodzi ndi nati inzake, ndinayenela kugwila mutu wake ndi sipanala ina, ndipo dzanja langa lamanzele linalowa pakati pa kamkono ka toshoni ndi chitsulo chopingasa cha chasisi. Ndi lamanja ndinakoka sipanala ya nati. Sinasunthe. Ndinalowetsa paipi yaitali kuti ndiwonjezele mphamvu, paipiyo n'kutulukila kunja pansi pa chitseko. Ndinakokanso, osatheka.

Jele anati ndikuchita dala. Anakhala pansi kunjako, kugwila sitepe ya vaneti ndi manja, n'kuponda paipi ija ndi mapazi onse awili. Nati inalila ngati nkhumba, n'kusuntha pang'ono. Dzimbili linandigwela m'maso. Ndinamva a Mphande akuuza anthu kuti aone, yayamba kudzuka. Jele anabwezeletsa paipi n'kupondanso. Chapatali ndinamva mawu a a Mtonga, otsika, osweka, akunditchula dzina.

"Fumako, Yotamu. Choka pamenepo."

Mpata wotuluka sindinaupeze. Kunamveka kuphulika ngati mfuti ya asilikali a nyama, ndipo vaneti yonse inagwela kumanja, chasisi n'kundiyandikila pamphuno. Anyamata ena anathawa poganiza kuti wina waombela. Ine poyamba sindinamve kupweteka. Ndinangomva kutentha kukutsika m'dzanja la ovolosi mpaka m'khwapa. Nditayesa kubweza dzanja lamanzele, linakana. Bawuti inali itaduka pakhosi paja, kamkono n'kubwelela ndi mphamvu yonse ya toshoni, kukapanikiza zala zanga pa chitsulo chopingasa chija. Mpamene ululu unafika, ndipo akuti kukuwa kwanga kunamveka mpaka ku sitesheni ya mabasi.

Jele anachita mantha, anandigwila miyendo n'kuyamba kukoka kuti anditulutse. Ndinamva mnofu ukung'ambika. A Mtonga anakwawa pa simenti ndi chigongono chimodzi, n'kumumenya ndi sipanala pa mkono kuti andisiye. Anasuzumila pansi, anaona m'mene zinalili, n'kufunsa jeke. Wina anaibweletsa, anaipopa, koma inalibe mafuta, inangopuma mphepo.

Zimene zinachitika kenaka ndinazimva ndi makutu, maso anali odzaza dzimbili ndi misozi. Munthu uja anali atangomenyedwa kumene anayamba kulamula anthu omwe anamumenyawo, ndipo anamumvela. Anawauza agwile zitsulo zakutsogolo zija ndi madigadi, anyamule mpaka wilo lakumanja lichoke pansi, chifukwa toshoni ikapanda kupuma dzanja silituluka. Ananyamula, osakwanitsa. A Mtonga anatembenukila kwa a Mphande n'kuwauza kuti naonso agwile. Mwachimbuuzi ndinaona nsapato zao zonyezimila zikubwela kudzaima m'magazi anga. Amuna a kumsika analumpha mpanda, onyamula matumba, ogulitsa makala, onse kudzaika mapewa. Vaneti inakwela pang'onopang'ono ikulilima. A Mtonga anakankhila chitsa pansi pa chasisi ndi phazi, analowa pambali panga akubuula, n'kutsekula kamkono kaja ndi chitsulo chochotsela matayala.

Dzanja linatuluka. Chala chaching'ono ndi chinzake choyandikana nacho zinali zitaphwanyika ngati nzimbe yotafunidwa, zikulendewela pa khungu. Mayi wina wogulitsa kapenta anang'amba chitenje chake n'kundimanga pa mkono mwamphamvu, akunditonthoza ngati mwana wake ngakhale sitinkadziwana. Anandikweza pa wilibala ya makala n'kuthamanga nane ku chipatala. Jele ankathamanga pambali, mphuno itatupa, akundiuza kuti ndikafunsidwa ndinene kuti motoka inagwa pa jeke. Sanafunike kuvutika. Palibe anandifunsa, ndipo apolisi sanabwele.

Zala ziwili zija anazidula tsiku lomwelo. Chapakati anachisoka, chinatsala, koma mpaka lelo sichipinda.

A Mtonga ku chipatala sanapite. Ndinamva pambuyo pake kuti a Mphande anasiya anyamata pa galaji kuti a Mtonga asachoke mpaka vaneti itatha. Akazi a a Mtonga anabwela n'kuwamanga chifuwa ndi chitenje, iwo n'kukhala pa chitsa, kumagwilitsa nchito manja a anyamata omwewo. Anawatuma kukabweleka jeke, anawafukulitsa mulu wonse mpaka bawuti yabwino inapezeka pa vaneti ina yakufa. Jele ndi amene anamugoneka pansi kuti azule toshoni. Anaisuntha dzino limodzi, anamanga, anatsitsa, anagwedeza, anayeza, anakwezanso, osalumpha kanthu, ngati tsiku lina lililonse.

M'mawa mwake Esinati anali atafika kuchokela kumudzi, atakhala pambali pa bedi langa. Tinamva ng'oma ndi nyimbo zikudutsa mumsewu. Anapita pa windo, anayang'ana, n'kundiuza kuti vaneti yoyela ili patsogolo, yaima chilili ngati yatsopano. Ndinatembenukila kukhoma. Sindinakwiyepo choncho m'moyo wanga, ndipo mkwiyowo sunali pa a Mphande okha.

A Mtonga anabwela kudzandiona patapita masiku, akuyenda chowelama, dzanja lili pa nthiti, bala la fanibeluti litauma pankhope. Anabwela ndi nthochi. Anakhala pa bedi, kusenda imodzi, n'kundipatsa, poona kuti ndi dzanja limodzi sindingathe. Sindinailandile. Ndinawafunsa chifukwa chimene anaikonzela bwino chotelo motoka ya munthu amene anatichita zimenezi. Ndinati akanasiya nati imodzi ya chiwongolelo yosamanga, palibe akanadziwa, ndipo phili loyamba likanatiweluzila mlandu.

Iwo anayankha nthochi ikali m'manja.

"Kumbuyo kuja kunadzaza azimayi, ena ndi ana kumsana. Uja anakumanga chitenje analinso momwemo, anamukweza mokakamiza. Ukanasankha uti?"

Ndinatenga nthochi ija. Kenaka ananena kuti ndinalakwa kulowa pansi paja, ndikanawaleka awamenye mpaka atope. Ndinati sakanatopa, akanawapha. Anati mwina, koma nthiti zimalumikizana zokha, zala sizimela. Ndinati munthu wakufa nthiti zake sizilumikizana. Anafuna kuseka, chifuwa chinawaletsa, n'kuyamba kutsokomola mpaka nesi anabwela kudzawathamangitsa.

Nditatuluka, apongozi anga anati za ku boma zakwana, ndibwelele kumunda. Ndinayesa nyengo imodzi. Khasu linkandipulumuka m'dzanja, ndipo ndikagona ndinkalota phokoso lija. Esinati ndi amene anandiuza kuti ndikungowonda pamudzi, ndibwelele kwa a Mtonga ngati mtima uli komweko. Ndinabwelela. Tsiku loyamba anandiponyela sipanala ngati kale, ine n'kulephela kuiwakha. Kuyambila pamenepo ankandipatsila m'manja, ndipo sanandimenyenso.

A Mphande sanasiye kubweletsa vaneti yao. Panalibe galaji ina yodziwa nchitoyo, ndipo ife tinalibe mphamvu yowakaniza. Ankandipatsa moni ngati palibe chinachitika, nthawi zina n'kufunsa kuti dzanja likupeza bwanji, ngati kuti ndinalumidwa ndi galu wa eni ake. Jele sankandiyang'ana kumaso. Tsiku lina ndinapeza mtanda wa sopo pa benchi yanga, wokulungidwa m'pepala, nthawi imene sopo ankasowa m'boma monse. Mnyamata wogulitsa makala anandiuza kuti wausiya ndi Jele. Ndinaganiza zoutaya m'chimbudzi, koma kunyumba kunali mwana wakhanda ndi matewela, choncho ndinapita nao. Zipani zitachuluka, a Mphande anangovula suti ija n'kutsegula chigayo. Palibe anawafunsa kanthu, ndipo anamwalila ndi ukalamba pa bedi lao.

Nkhani yakuti ndinachita bwino kapena ayi kulowa pansi pa vaneti ija, ine ndi a Mtonga sitinagwilizanepo mpaka iwo anatisiya. Tinkaikangana tikamadya masana, chaka ndi chaka, aliyense osasuntha pa mawu ake. Lelo ndakalamba kuposa m'mene iwo analili tsiku lija, ndipo sindikudziwabe. Ndikakumbukila thovu lofiila lija ndimati ndikanalowanso. Ndikamalephela kumanga batani la malaya m'mawa ndimati mwina anali kunena zoona.

Chimene ndinasunga osakayika n'chaching'ono. Munthu wokalipa umatha kumupepesa, amatha kutopa, nthawi zina amachita manyazi anthu akamuyang'ana. Chitsulo chopotokoledwa sichimva kupepesa, ndipo sichidziwa kuti wagona pansi pake walowa chifukwa chofuna kupulumutsa mnzake. Ndili ndi galaji yanga tsopano, ndipo mavaneti akale aja akubwelabe, ogwa mbali imodzi, eni ake ali pa changu. Pafupifupi aliyense amati ndingomanga nati motoka ili chiimile, ena mpaka kutukwana ndi kuopseza kuti apita kwina. Sinditsutsana nao. Ndimawakokela chitsa kuti akhalepo, ine n'kupita kukatenga jeke.